Nsanja yopanda ntchito ku George

Ndinanyamuka kukomboni kwathu ku Mtendere m'mawa, magetsi atathima kale. Wondituma anali mkulu wanga, ba Lazaro. Makampani awiri a mafoni ankafuna malo pabwalo pawo. Ina inkafuna kumanga nsanja yaitali ya 4G n'kumalipira bwino, koma pogwetsa zipinda zakumbuyo, momwe ankachita lendi amake Dalitso, mayi wamasiye wa ana atatu. Inayo inkangofuna kuika kachitsulo ka 5G padenga, malipiro ake ochepa.

"Iwe ubelenga maningi," anatero ba Lazaro. "Yenda ku komboni ya George, kuli mudala anavomela nsanja kudala. Nizasaina ukabwela."

Kuwerenga kwangako n'kwa nyuzipepala zokulungira vitumbuwa. Nkhani zambiri ndimazidziwa theka, theka linalo litadyedwa ndi mafuta.

Kabasi ka kutauni kanandidya makwacha khumi ndi asanu. Ndinakhala moyandikana ndi mtsikana wogwira ntchito m'kabokosi kotumizira ndalama, ndipo ndinamufunsa mwaulemu kuti pakati pa 4G ndi 5G yokhalitsa ndi iti.

"Ba tate, malaiti yakayenda, ma G yonse ni chimozimozi," anatero. "Kafoni ka mabatani ndiye sikanama."

Ndinabisa foni yanga yaikulu m'thumba.

Kutauni ndinagula chinangwa chowotcha ndi nshawa, n'kukwera kabasi kena kodzera mumsewu wa Lumumba ndi ku Matero. Fumbi linkalowera pansi pa mipando. Dzuwa lili paliwombo ndinatsika ku George. Njira sindinafunse, ndinangoyang'ana kumwamba.

Mudala uja, ba Mulenga, mkulu wochokera ku Kopala kumigodi, ndinawapeza atakhala pamthunzi wopyapyala wa nsanjayo. Pamwamba pake panalibe kanthu, akhwangwala okha. Anati inamangidwa nthawi ya 3G, ndipo eni ake anawalonjeza kuti zatsopano zikamabwera azingoonjezera pomwepo. 4G itafika, eni ake anasamutsira zida zawo pa nsanja ina pafupi ndi msika, imene makampani angapo amagawana. Lendi inathera pomwepo.

"Nanga osaigwetsa?" ndinafunsa.

"Nsimbi ya nsanja si yanga, nikagulisa banimanga. Simenti iyi," anaponda pansi ndi chidendene, "tinayesa na mahamala, yanatyoka mahamala. Apa panali manyumba yatatu ya lendi, mwana wanga. Ukafunse chimozi chabe: G inangu ikabwela, azachosa vinthu vawo ni ndani?"

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaimbire ba Lazaro. Kunsi kwa nsanja yonseyo kunalibe netiweki. Ndinayenda mpaka kumsika, nako magetsi kunalibe, mafoni onse ali zii. Ndinathamangira basi.

Pobwerera tinaima nthawi yaitali mu Lumumba, malole atatseka msewu. Ndinkabwereza funso la ba Mulenga mumtima ngati mwana wotumidwa mchere.

Ndinafika dzuwa likulowa. Malata a zipinda zakumbuyo anali atatsamira mpanda. Munthu wa kampani ya 4G ija anabwera masana n'kunena kuti mwayi ukutha lero, ba Lazaro n'kusaina. Amake Dalitso anali atakhala pa matiresi panja, mbaula ndi mapoto zili m'beseni, kamwana kali m'tulo pamiyendo.

"Mwayendako bwanji, ba Yona?" anandifunsa. "Mwapeza vabwino?"

Ndinati ndayenda bwino. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ma G amasinthana ngati makondakitala, koma simenti imatsala ndi mwini bwalo. Funso lija ndikadali nalo. Woti ndimufunse palibe.