Mzati Wanga wa ku Jerash

Ndikukumbukira chaka chimene nyumba zosanja za ku Business Bay, mumzinda wa Dubai, zinangoima zisanathe. Ndinali ndi zaka khumi. Bambo ankayendetsa galimoto ya kampani ina yomanga, ndipo ankandibweretsera mapaipi a katoni okulungirapo mapulani.

Mapaipiwo ankathera kusukulu. Aphunzitsi athu, Madamu Huda, kwawo kunali ku Jerash, m'dziko la Jordan, kumene kuli mabwinja a mzinda wa Aroma umene unagwa ndi chivomezi. Iwo anati tiumange mzindawo patebulo. Mwana aliyense anali ndi mzati wake wa paipi ya katoni, woupaka guluu n'kuuwaza mchenga, moti kalasi yonse inkanunkha guluu. Tinaika bwalo looneka ngati dzira, ndi msewu wamiyala wokhala ndi timigula timene ngolo za Aroma zinasiya. Koma ndiye ndinkaunyadira mzinda umenewo.

Kenako anzathu anayamba kusowa. Ntchito ya makolo ikatha, viza nayo yatha, khalas, basi kwatha. Ife ana, nkhanza zathu, tinayambitsa mwambo: mnzathu akachoka tinkagwetsa mzati wake, amvekere chivomezi chabweranso.

Tsiku lina bambo anabwera masana dzuwa lili pamutu, opanda makiyi a galimoto.

"Asiyatu mwana wanga, tikubwerera ku Balaka," anatero osandiyang'ana.

Za ku Balakazo sindinadandaule kwenikweni. Chinandiwawa n'choti mzati wanga augwetsa akuseka. Pa tsiku langa lomaliza ndinatsalira nthawi ya buleki, n'kuthira botolo lonse la guluu patsinde pake. Madamu anandipeza manja ali nyatanyata. Sanandikalipire. Anatenga kampeni, n'kuudula mzatiwo bwinobwino.

"Madamu, mukugumula mzinda," ndinatero ndikulira.

"Chivomezi chitagwetsa Jerash, anthu ankatola miyala kukamangira nyumba zawo," anandiyankha. "Pakhomo pa agogo anga pali mwala wa Aroma, timapondapo tsiku lililonse. Yalla, tiye, tenga wakowu uzipita nawo."

Ku Balaka mzatiwo unakhala pawindo mpaka chiswe chinaudya. Bambo anayamba kuyendetsa minibasi, ndipo patapita zaka anamanga nyumba imene tilimo lero. Madamu sindinawaonenso, ndipo ndimawasowa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti aliyense wochoka ku Dubai ndi wakugwa, bambo anga omwe. Pano ndinazindikira kuti mwala umene wanyamulidwa sunagwe ayi, wangopita kukagwira khoma lina.