Tsabola wa m'kachitini ndi chifuwa cha abambo

Kachitini kanga kanali ka mkaka wa ufa, kobooledwa ndi msomali m'mbali monse, chogwirira chake waya wa njinga. Kwathu ku Chisenga mwezi wa Juni susewera. Mphepo ikatsika m'mapiri a Mafinga zala zimakana pensulo, ndiye mwana aliyense wa Sitandade 4 ankapita kusukulu ndi kachitini ka makala a moto, akukazunguza m'mwamba kuti kayake. Panopa ndili Folomu 4, zopusa ndachita zambiri, koma palibe imene imandinyaditsa ngati ntchito imene kanagwira kachitini kameneko.

Chaka chimenecho wailesi inali pa nkhani imodzi: chifuwa chachikulu chabweranso, odwala akuchuluka. Kutchalitchi ankalengeza, kumsika munthu akatsokomola anzake ankasuntha madengu. Koma amene anagwidwa ndi mantha kuposa onse anali aphunzitsi athu, bambo wa ku Thyolo amene ankakhulupirira kale kuti kuzizira kwa Chitipa kudzawapha. Mwana akangoti khoo, iwo tayi pamphuno. "Tuluka, tuluka, ukatsokomolere kwa amako!" Tsono munthu ngati ine mwamuonetsa kuti khomo lothawira masamu ndi chifuwa, mukuyembekezera chiyani?

Kunyumba chifuwa chinaliko chenicheni, ndipo sichinkaseketsa. Abambo anayamba kutsokomola nthawi yokolola nyemba, lamba wawo akungomuboola mabowo atsopano. Azakhali, mlongo wawo wamkulu, anasamukira kwathu ndi mphika wa mizu. Mlandu anali ataweruza kale: ichi ndi chikhoso cha moto, chifuwa chimene amati chimagwira mwamuna ngati mkazi wake wayenda ndi wina n'kubwera kudzamuthirira mchere m'ndiwo. Amayi ankapita ku Tunduma kukaoda zitenje, ndipo kwa azakhali umboni umenewo unali wokwanira. Zakuchipatala azakhaliwo anakaniza, akuti jakisoni amamaliza munthu wa matenda amenewa. Anawaletsanso amayi kukhudza mchere, ntchitoyo n'kundipatsa ine, ndipo achibale ankayembekezeka kudzakhala pansi kuti amayi abwezedwe kwawo. Kwathu mkazi akachoka, ana amatsala. Zonsezi ndazilumikiza nditakula. Pa nthawiyo ndinkangosangalala kuti ndakwezedwa udindo, ndipo ndiwo ndinkaziwawitsa dala kuti ndione nkhope ya azakhali.

Tsiku lake linali la mayeso a masamu. Ndinatapa tsabola wa kambuzi amene ankauma padenga la khitchini, dzanja lodzaza. Mawindo a kalasi anali otseka chifukwa cha mphepo. Aphunzitsi atatembenukira kubolodi, ndinathira tsabola yense pamakala n'kukankhira kachitini pansi pa desiki.

Abale inu! Utsi wake sunkaoneka, unkangokanda pakhosi ngati wameza chitedze. Anayamba mtsikana wa kutsogolo, kenako mzere wake, kenako kalasi yonse, misozi mbwee, mamina chuchuchu. Wina anagwa pabenchi. Ine ndinkatsogolera ngati wa kwaya, dzanja pachifuwa, maso nditatembenuza. Aphunzitsi anayesa kunena kuti tikhale chete, mawuwo anathera m'chifuwa chawo chomwe. Atadzimva kuti nawonso akutsokomola anataya choko n'kutuluka liwiro, akufuula, "Ahedi, yatigwira tonse!"

Mayeso sanalembedwe. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika ku Nthalire, ndipo m'njira inanenepa, akuti sukulu yonse ikulavula magazi. M'mawa mwake tinamva njinga zamoto. Anali alangizi a zaumoyo, ataphimba pakamwa, atanyamula bokosi la timabotolo tolavuliramo makhololo. Kwa ife inali Khirisimasi. Tinafola panja, tikupikisana kuti ndani atsokomole mochititsa chisoni. Mlangizi wina, mayi wamfupi wovala jombo, analowa m'kalasi, anatsegula mawindo onse, ananunkhiza, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anadziwa. Koma aphunzitsi anali atandiloza kale kuti uyu ndiye wodwalitsitsa, ndipo kachitidwe ka alangiziwo kanali kakuti wodwala amamutsatira kwawo, kukaona amene amagona naye nyumba imodzi.

Ndinakwera njinga yamoto! Koyamba m'moyo wanga, fumbi kumbuyo, ndikubayibitsa anzanga ngati phungu amene wangopambana chisankho.

Tinawapeza azakhali pakhonde akusefa mizu yawo. "Pano wodwala palibe, adokotala. Mwana uyu ngwabodza kuyambira m'mimba." Pa za ine sananame. Koma chifuwa sichimvera mlongo wa munthu. Abambo anatsokomola m'nyumba, anatsokomolanso, mpaka nkhuku zinasiya kutola. Mlangiziyo sanakangane ndi aliyense. Anangoti odi, n'kulowa ndi kabotolo kake. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, manja m'chitenje, pakuti mtengwa sapikisana mawu ndi alamu ake aakulu.

Za tsabola zinaululika, mnzanga wina anandigulitsa. Ahedi anandikwapula n'kundikumbitsa dzenje la zinyalala lofika m'khosi. Aphunzitsi sanandiyang'ane kumaso mpaka teremu kutha, ndipo pali ena amene amati mpaka pano ndimayenera kukawapepesa. Ndipepese chiyani? Wailesi inalankhula nyengo yonse, abusa analengeza mpaka mawu kusasa, koma palibe amene anadutsa azakhali pakhonde paja. Ine ndinadutsitsa chipatala ndi kambuzi wa dzanja limodzi. Abambo anameza mapiritsi miyezi yambiri osadumphitsa, ndipo lero ndikalakwa amandithamangitsa okha mpaka kudambo, osapumira.

Chimene chinandisokoneza mutu chinachitika tsiku limene yankho linabwera. Mlangizi uja anakhala pampando n'kunena kuti makhololo a abambo apezeka ndi chifuwa chachikulu. Ine ndinkadziwa kuti chimapha. Mabanja ena akamva mawu amenewa ankatseka zitseko, mapiritsi akumwera kuseri. Azakhali anayang'ana pansi. Koma amayi anaimba nthungululu, yaitali, yonga ya paukwati. Anamanga chitenje n'kuyamba kuyenda nyumba ndi nyumba, kwa apongozi awo, kuchigayo, kwa akulu a mpingo, akuimitsa ngakhale anthu odutsa. "Ndi TB, mwamva? Akuchipatala aona ndi makina awo. Ndi TB!"

Pobwerera anandinyamula m'mwamba, ine mnyamata wamkulu kale, n'kundifinya mpaka nthiti kuwawa. Ndinadzipulumutsa m'manja mwawo, ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe nditatupa ndi mkwiyo, ndikudzifunsa kuti kodi ndi mkazi wamtundu wanji amene amavina mwamuna wake akapezeka ndi matenda oopsa chonchi.