Wufa, Matwita ndi Mawu a Bambo Aang'ono

Pikapu yanga ndinaigula ili kale nkhalamba. Imanyamula nandolo, chinangwa, mbuzi, ndipo tsiku la msika imanyamulanso anthu kuchokera kwathu kwa Mkhumba kupita pa Boma. Wailesi imene ndinaipezamo inali ya makaseti. Sipika yogwira ntchito inali imodzi yokha, ndipo ikamalira inkamveka ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Chaka ndi chaka ndinkati ndidzakonza ndikagulitsa nandolo, koma ndalama inkathera matayala.

Chimene chinandikakamiza kukonza si nyimbo ayi. Lolemba lina m'mawa foni yanga inalandira uthenga wa mawu kuchokera ku nambala ya ku Mozambique. Pansi pake panali mzere umodzi wa Chichewa chothyokathyoka: "Apatseni bambo anu amve. Mng'ono wawo akudwala kwambiri." Nditatsegula ndinamva mwamuna wokalamba akulankhula Chilomwe kwa mphindi ngati zinayi, kwinaku akupumira m'mwamba. Anali bambo anga aang'ono, amene anakakwatira kutsidya kwa malire ine ndili mwana.

Awiriwa anali asakulankhulana kwa zaka zoposa khumi. Anayambana pamaliro a mayi awo chifukwa cha munda, ndipo pamaso pa anthu bambo aang'ono anauza bambo anga kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Bambo anga mawu otere amawasunga ngati mbewu.

Ine Chilomwe sindichidziwa. Ndimatha kupereka moni wa m'mawa, ndimadziwanso mawu awiri atatu otukwanira mbuzi, basi. Bambo amachidziwa mpaka kulota nacho, koma makutu awo anali atayamba kufa. Ukamalankhula nawo unkayenera kukhala patsogolo pawo kuti aziona milomo. Ndinawaikira foni pakhutu, nditakweza mpaka pamapeto. Anapendeketsa mutu kwa kanthawi, kenaka anaikankha.

"Ndikumva udzudzu," anatero.

Ndinabwereka mahedifoni. Anati udzudzu uja tsopano walowa m'mutu. Ndinayesa kuimbira nambala ija kasanu ndi kawiri, osalowa. Kumeneko netiweki amachita kuikwerera chulu, ndipo foniyo iyenera kuti inali ya munthu wongowathandiza.

"Bambo, m'mudzi muno odziwa Chilomwe ndi ambiri. Ndiitane mmodzi amvetsere, akuuzeni."

"Iwe, nkhani ya m'mimba mwa mayi anga ikamveke ndi anthu? Ngati wanditukwananso, ukufuna mudzi wonse udziwe?"

"Ndiye tiyeni tingopita. Mafuta alimo."

"Sindipita kwa munthu amene anandithamangitsa ndisanamve ndi khutu langa chimene akunena."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu akudwala, wina akuwerenga milandu yakale! Koma mantha anaposa mkwiyo. Ndinali nditamva kupuma kuja, ndipo kupuma kotere sikufuna womasulira. Ndinaganiza kuti pakufunika malo otsekeka bwino, oti mawu akwezedwe kwambiri koma asatulukire kunja. Nyumba yathu ndi yamalata, ukatsokomola kuchipinda oyandikana nawo amati pepani. Malo okhawo amene ndinali nawo anali kutsogolo kwa pikapu, magalasi atatsekedwa.

Lachiwiri ndinalawirira pa Boma, kukalowa m'kashopu kena ka zamagetsi pafupi ndi msika. Mwini wake anali mwamuna wamsinkhu wanga, wolankhula mofulumira ngati akuitanira minibasi. Nkhani yonse sindinamuuze, poti bambo anali ataletsa. Ndinangoti, "Achimwene, ndikufuna zoika m'galimoto kuti mawu azimveka bwino. Mawu amveke ndithu."

"Mawu? Mwafika, bigi. Mukufuna mawu a mtundu wanji, oti munthu ali kuchipatala uko adziwe kuti mwafika pa depoti?"

Apa ndi pamene ndinalakwira. Ife timati mawu tikamanena zimene munthu walankhula, timatinso mawu tikamanena kulira kwa ng'oma kapena kwa injini. Ine ndinkanena za munthu. Iye anamva za ng'oma. Ndipo ine ndinaona kuti wamva zina, koma sindinamukonze.

Anayala katundu pa kauntala. Choyamba wailesi yopanda makaseti, yolumikizana ndi foni popanda waya. Imeneyo ndinkaifunadi. Kenaka ampu, kabokosi kachitsulo kowonjezera mphamvu. Kenaka anagwada n'kutulutsa chibokosi chokutidwa ndi kapeti wakuda, pakati pake pali chisipika chachikulu ngati beseni losambira mwana.

"Iyi ndi wufa. Besi yake imagwedeza chiwindi."

Pashelefu kumbuyo kwake ndinaona katoni ina yaing'ono. Munali masipika awiri a m'zitseko, ndi tina tiwiri tating'ono ngati zitsekerero za mabotolo. Ndinafunsa kuti nanga ito n'tachiyani.

"Matwita amenewo. Ndi za anthu omvera nkhani ndi maulaliki. Inu ndi munthu wa pamsewu, bigi, musadzichepetse."

Ndalama imene ndinali nayo inkakwana chimodzi, wufa kapena katoni ija. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, ndikudziuza kuti munthu wogontha amafuna chinthu chachikulu. Koma kunena zoona, wufa ndinkaisirira kuyambira kale. Anzanga a matola amene anali nayo ankadzaza anthu msanga, ine ndikuitanira mpaka kusasa mawu. Ndinaganiza kuti ndithandiza bambo, ndipo nanenso ndipezerapo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pomanga zinatenga tsiku lonse. Chibokosicho chinakana kulowa kuseri kwa mpando mpaka tinachita kusendeza mpandowo kutsogolo, moti poyendetsa mawondo ankagunda chiwongolero. Titayesa ndi nyimbo, magalasi ananjenjemera, anthu a kabaza anatembenuka onse. Ndinasangalala kwa mphindi zingapo, ndipo ndimachita nazo manyazi mphindi zimenezo mpaka lero.

Lachitatu m'mawa ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, ngati akupita kukaonana ndi munthu. Ndinatseka magalasi, ndinatsegula uthenga, ndinakweza.

Chimene chinatuluka sindingachitche kulankhula. Mawu a bambo aang'ono anasanduka chimkokomo, ngati munthu akulankhulira mu mgolo. Akapuma, chitseko chinkanjenjemera. Nkhuku zinathawa. Ndinaona mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe ataima ndi tsache m'manja akuyang'ana kwathu. Kunja kunkamveka, m'kati munalibe chomveka.

Bambo anagwira pachifuwa. "Ndikumumva apa," anatero, kenaka analoza khutu, "koma kuno sakufika. Zimitsa, ukuitana anthu."

Anatsika osandiyang'ana, nakavula jekete lija.

Tsiku lonselo ndinalimbana ndi timabatani ta ampu. Ndikachotsa besi, kunkatsala kasipika kakale kaja ndi ntchentche yake. Ndikabwezera, mgolo. Nsima inandikanika. Foni ikangolira ndinkati basi, uthenga wachiwiri wafika, ndipo wachiwiriwo sufunanso sipika.

Lachinayi ndinabwerera pa Boma. Wa shopu uja anati vuto ndi lakuti ampu ndi yochepa, ndigule yaikulu. Ndinatuluka ndisanamuyankhe zimene zinali kukamwa. Kuseri kwa msika kuli bambo wina wachikulire wokonza mawailesi, amene amamanganso zokuzira mawu m'matchalitchi. Kwa iyeyu ndinasiya kubisa. Dzina la munthu sindinatchule, koma ndinati pali nkhalamba yogontha imene ikufuna kumva uthenga wa m'bale wake wodwala.

Anavula magalasi ake n'kundiyang'ana. "Ndiye munagula wufa?"

"Eya."

"Mwana wanga, mukufuna phokoso kapena mukufuna mawu? Khutu la munthu wamkulu limayamba kutaya timawu tating'ono, ta kunsonga kwa lilime ndi m'mano. Zikuluzikuluzo amamva kale, n'chifukwa chake bingu salifunsa kuti mwati chiyani. Inu mwamuwonjezera zimene ali nazo, mwamumana zimene akusowa."

Anandiuza zoti ndigule: masipika awiri a m'zitseko, osati aakulu, ndi matwita awiri oti amangidwe m'mwamba, moyang'ana khutu. Wailesi ndi ampu anati zili bwino. Wufa anati ndiichotse, kapena ndiziikhalira.

Ndinathamangira kushopu kuja. Katoni ija inali itagulidwa dzulo lake. Ina yotere inayenera kuchokera ku Limbe, ndipo woitenga anali kupita Lachisanu n'kubwera Loweruka. Wufa ndinaigulitsa motchipa kwa munthu wina woonetsa mafilimu, osanenerera n'komwe, kuti ndipeze yolipirira.

Za Lachisanu ndilibe chonena. Ndinanyamula matumba a chinangwa maulendo awiri, ndipo sindikumbukira kumene ndinawatsitsa. Madzulo ndisanaimike galimoto ndinamveranso uthenga uja ndekha pafoni, mwina kakhumi, kufunafuna liwu limodzi loti ndilizindikire. Ndinangomva dzina la agogo anga aakazi, kawiri. Makutu anga ndi abwinobwino, koma pa uthenga umenewu ndinali gonthi kuposa bambo.

Katoni inafika Loweruka masana pa minibasi. Bambo wokonza mawailesi uja anamanga yekha, mosafulumira, ine ndikuponda apa ndi apa. Twita imodzi anaimata pakona ya galasi lakutsogolo, mbali ya pasenjala. Anandifunsa kuti khutu la nkhalambayo limene limamvako pang'ono ndi liti. Nditati lakumanja, anasuntha inayo n'kuiika pakati, kuti iloze komweko. Poyesa sanaike nyimbo. Anatsegula wailesi pamene munthu ankawerenga nkhani, ndipo ndinamva mpaka kutembenuzidwa kwa pepala.

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinafika kunyumba. Bambo anakana kuvala jekete. Anati atopa ndi masewera anga, ndipo anakwera chifukwa choti ndinagwada.

Ndinatseka magalasi, ndinatsegula uthenga. Ulendo uno m'galimoto munalowa munthu. Ndinamva milomo youma ikumatuka, ndinamva lilime likugunda m'mano. Bambo anawongoka. Anasendeza mutu kufupi ndi katwita kaja, dzanja lawo likugwira bondo langa mwamphamvu. Pakati pa uthenga anayankha mokweza m'Chilomwe, ngati mng'ono wawoyo wakhala pampando wapakati. Utatha anati, "Bwereza." Ndinabwereza katatu. Kunja mayi woyandikana nafe uja ankapeta chimanga chake, osatembenuka n'komwe.

Kenaka bambo anandilankhula m'Chilomwe, ataiwala kuti sindimva. Ataona nkhope yanga anabwereza m'Chichewa.

"Akuti munda uja unali wa tonse. Akuti ndipite tikalankhulane mawu akadalipo." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Uthengawu wabwera liti?"

Ankadziwa, koma masiku anali atawasokonekera. Ndikanatha kunama.

"Lolemba, bambo."

"Lero ndi lachingati?"

"Loweruka."

Anachotsa dzanja lawo pabondo langa.

Tinanyamuka Lamulungu kutangocha, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu. Bambo aang'ono tinawapeza amoyo, atagona pamphasa pakhonde. Maso ankaona, ndipo mkulu wawo anamuzindikira, poti anatambasula dzanja. Koma mwana wawo wamkazi anatikokera pambali n'kutiuza kuti kulankhula analeka Lachisanu. Mpaka Lachinayi ankafunsa ngati kwamveka galimoto.

Bambo anakhala pamphasapo masana onse, akulankhula okha, mng'ono wawo akungowafinya chala. Ine ndinakhala m'galimoto ndikuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Katoni ija inali pashelefu Lachiwiri, ndinaiona ndi maso angawa, ndinafunsa ngakhale dzina lake. Tikanamva Lachitatu, tikanafika Lachinayi. Bambo aang'ono anamwalira patapita masiku atatu.

Za wufa bambo sanandifunsepo, ndipo ine sindinawauzepo kuti matwita analipo tsiku loyamba lija. Anzanga a matola amandiseka kuti galimoto yanga imalira ngati ya abusa.

Masiku ena ndikabwerako kumsika ndimapeza bambo akundidikira pansi pa mango, atavala jekete. Sanena chimene akufuna. Ndimawatsegulira chitseko, ndimatseka magalasi, ndimaika uthenga uja, kenaka ndimatsika kukaima patali. Pamalo pamene anayankha Loweruka lija amayankhabe, ndipo amadikira pang'ono asanandikodole kuti ndidzabwereze.