Nkhope ya Amayi mu Foni ya Amalume

Foni ya amalume inali yosweka galasi pakona, yomangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Anabwera nayo kuchokera ku Blantyre ntchito itawathera, pa tchuthi cha nyengo ya nandolo, ine ndili mu Sitandade 5. Anthu a kwa Malemia ankati mutu wawasokonekera, chifukwa m'malo mofuna ganyu ankajambula timasewero toseketsa n'kumatumiza pa intaneti.

Wosewera wawo wamkulu anali aphunzitsi athu, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka, amene anavomera kugwa ndi njinga m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi katatu konse. Ndimakumbukirabe fungo la matope pa malaya awo oyera. Koma amalume sanakhutire. "Kugwa sikuseketsa ayi," ankatero. "Choseketsa ndi nkhope ya woonerera." Ankafuna nkhope ya munthu wodzidzimuka yoti aiike pambuyo pa kugwako, ndipo anasankha ya mlongo wawo, amayi anga.

Amayi sankatha kunamizira. Foni ikangowaloza ankaseka, n'kubisa pakamwa ndi chitenje. Ndiye ntchito yowadzidzimutsa anandipatsa ine. Ndinaika chule m'ndowa, iwo anangokamutaya kuseri. Ndinaphulitsa jumbo kumbuyo kwawo, iwo n'kundifunsa ngati ndatsuka mbale. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo sindikhulupirira kuti pakhomo pathu panamvekanso kuseka ngati kuja.

Tsiku lina masana amayi ankapeta nandolo pakhonde, makoko akuuluka ndi mphepo yochokera kuphiri. Amalume anabisala kuseri kwa nkhokwe, foni ili m'manja. Bambo anga anali atapita ku Joni zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo chaka chachiwiri nambala yawo inasiya kulowa. Sindinaganize kawiri. Ndinathamanga kuchokera kumsewu ndikukuwa, "Amayi! Ababa afika, atsika minibasi!"

Lichero linagwa. Maso ali tong'oo, kukamwa kuli yasaa, dzanja limodzi likukonza duku. Kenako anaona amalume akusuzumira pankhokwe paja, ndipo dzanja lija linatsika pang'onopang'ono.

Amalume sanadziwe kuti ndikuwa zimenezo. Anangoti, "Mwana iwe." Anafuna kufufuta, koma amayi anawaletsa: "Ikani achimwene, mwajambula kale."

Kasewero kaja kanafalikira mpaka ku Malosa ndi ku Zomba. Kuchigayo azimayi ankayerekeza nkhope ija, amayi n'kumaseka nawo. Ine ndinkayenda modzikweza kusukulu, ndikuuza aliyense kuti nzeru zinali zanga. Mpaka lero nkhopeyo ikuyendabe m'mafoni ngati sitika. Mitengo ikakwera, timu ikagonja, wina amaitumiza pagulu, anthu n'kufa nazo kuseka. Sindiwaimba mlandu, imaseketsadi. Ndipo pazithunzi zonse za amayi zomwe ndatsala nazo, ndi chokhachi chomwe akuoneka achitsikana.

Masana aja sanandimenye, sanandikalipire. Anagwada n'kuyamba kutola nandolo mmodzimmodzi m'fumbi, osayang'ana aliyense. Ndinagwada nawo, ndikutola mwachangu, ndikupemerera dothi, ndikuwaonetsa kuti palibe yemwe watayika. Ndinkaganiza kuti chawapweteka ndi nandoloyo. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kudikira mnzake zaka zitatu, akuphika, akuseka, akupita kutchalitchi, osauza ngakhale mwana wake kuti akudikira.