Mango Amene Tinakwirira

Kuseri kwa nyumba yathu, pamene munda wa chimanga umayambira, pali mtengo wa mango umene abambo anadzala asanamwalire. Ndi waufupi, nthambi zake zimatsika mpaka m'chiuno mwa munthu. Chaka chimene unabereka kwambiri, achemwali anga anali oyembekezera. Mimba yoyamba anapita padera, choncho pakhomo tonse tinali ndi mantha amene sitinkawatchula. Zakudya zambiri zinkawakana. Mtima wawo unkangofuna mango osapsetsa othira mchere, ndipo wothyola ndinali ine.

Amuna awo, alamu anga, anali akamwini pakhomo pathu. Kwawo ndi ku chilumba cha Chisi, anakulira m'bwato, khasu silinawazolowere. Koma mkamwini amaonekera pa munda wa apongozi ake. Mvula yoyamba itagwa, udzu unamera ngati wochita kufesa. Alamu anabwereka sipuleya yopopera mankhwala kwa mnzawo wa ku sikimu ya mpunga ya Likangala, nagula mankhwala opha udzu, kuti amayi aone kuti si aulesi. Anapopera m'mawa, amayi ataperekeza achemwali kusikelo, ine ndili kusukulu.

Ndikuweruka, anandiimitsa panjira. Masiku onse ankandiseka kuti, "Mkazi wanga wamng'ono, wandiphikira chiyani lero?" Tsiku limenelo sanaseke.

"Mlamu, mphepo ya kunyanja yandipusitsa," anatero. "Mankhwala agwera mango aja. Ndapeza masamba ali chinyowere. Ukawauze amayi."

"Bwanji osawauza achemwali?"

"Ndawauza. Akuti n'kungotsuka basi. Ukuwadziwa achemwali ako akafuna chinthu. Amene angawamvere ndi amayi okha."

Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Akakumana panjira amapatukira kutchire, ndipo mawu awo amadutsira mwa wina. Pakhomo pathu ankadutsira mwa ine, koma kufikira tsikulo anali mawu opepuka, a nsomba zimene alamu abweretsa kapena njinga imene amayi akufuna kubwereka. Awa anandilemera. Ndinkaopa kuti amayi akwiya chifukwa cha mtengo wa abambo, mwinanso kuwauza alamu kuti abwerere kwawo. Ndinkaopanso achemwali. Ine sindinazolowere kunena chinthu chimene munthu sakufuna kumva.

Nditafika ndinapeza amayi athyola kale okha. Mango anali m'lichero pakhonde, achemwali atakhala pamkeka, mpeni uli m'manja, mchere uli pambali. Ndinagwada. Nditaona mpeni ukulowa m'bango loyamba ndinalankhula.

"Amayi, alamu andituma. Akuti mango awa agweredwa ndi mankhwala opha udzu."

"Iwe, ukazitape unauyamba liti?" anandikalipira achemwali. "Tomato wa kudimba timadya uja sapopera? Katenge madzi nditsuke."

Sindinanyamuke. Aka kanali koyamba kuti achemwali anditume ine n'kukhalabe pansi.

Amayi anatenga bango limodzi, nalinunkhiza, nalitembenuza. Linali lokongola ngati masiku onse.

"Kawafunse, otsuka angadyedwe?"

Ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe, kumene alamu anaima atavula chipewa, n'kubwerako.

"Akuti sakudziwa. Wogulitsayo anangowathirira m'botolo la zakumwa, lopanda malemba alionse."

"Nanga mnzawo wa sipuleya uja?"

Ndinapitanso.

"Akuti iye amapopera m'mpunga asanadzale. Za zipatso sakudziwa."

Panalibe wina womufunsa. Alangizi a zaulimi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ngakhale akanabwera, akanawadziwa bwanji mankhwala opanda dzina? Amayi anayang'ana mtengo uja. Kenako analanda mpeni m'manja mwa achemwali mofatsa.

"Mwana wanga, tinakwirira kale mmodzi. Chinthu chimene sitikuchidziwa sitingachiyesere pa uyu."

Achemwali anadzifunditsa chitenje kumaso.

Amayi anandituma kuti alamu akumbe dzenje lakuya, kuti mbuzi kapena ana a m'mudzi asafukule. Sitinasankhe mbali imene mphepo inafika ndi imene sinafike. Ndinakwera mumtengo ndi kuthyola onse, akupsa ndi anthete omwe, amayi akutolera pansi. Abambo ankanena kuti mtengo umenewu adzadya ndi adzukulu awo, ndipo ndinaona amayi akupukuta bango lililonse ndi chitenje asanaliponye, ngati kuti likupita kwa mlendo.

Alamu akukwirira, amayi anaima chapatali atawafulatira. Anakweza mawu, nkhope ili kumtengo.

"Iwe mwana, uwauze kuti akanakhala chete palibe akanadziwa. Uwauze kuti ndamva."

Alamu anamva okha, koma ndinayendabe mpaka padzenje ndi kubwereza mawuwo monga anatulukira. Iwo anangoweramitsa mutu, napitiriza kukankha dothi.

Patapita masiku, masamba a mbali ya kunyanja anachita chikasu n'kupota. Alamu ankapalasa njinga kukasaka mango kumidzi ya kumtunda, ndipo achemwali ankadya akudandaula kuti sakukoma ngati a abambo. Ine achemwaliwo anakhala nthawi osandilankhula bwino.

Mwana anabadwa mpunga ukukololedwa, wamkazi, wolira mwamphamvu. Mpaka lero sindikudziwa ngati mango aja akanamuvulaza. Mwina tinakwirira chakudya chabwinobwino. Mtengowo unaphukanso, ndipo chaka chino mwanayo wafika pothyola yekha nthambi za m'munsi, ataima pomwe panali dzenje paja.