Nkhokwe Yanga ya Mazira

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene apongozi anga ananditcha chumba pamaso pa aganyu, tikukumba mbatatesi kwathu ku Kandeu. Ndinali nditakhala ndi a Fanuel zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana. Kuchipatala ku Lilongwe anali atandiuza kuti mazira anga atsala pang'ono, ngati chimanga m'nkhokwe mwezi wa Januwale. Amuna angawo anangoti, "Pitani, mwina kumeneko kuli mwayi."

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'nyumba, ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Tsiku lonse kusambitsa ana a eni, kuwapesa, kuwadyetsa, ine wanga ndilibe. Kusungulumwa kwake musandifunse. Lamlungu ndikaimba foni, nkhani za a Fanuel zinali ziwiri basi, feteleza ndi mvula. Ndinkatumiza ya fetelezayo, yotsala n'kusunga.

Patatha zaka zitatu ndalama zokaonana ndi dokotala wa za kubereka zinakwana. Dokotala wake, mayi wosazungulira polankhula, anatenga magazi pamkono panga, n'kuwazunguza m'makina mpaka analekana. Madzi achikasu amene anayandama pamwamba ndi amene anandibaya nawo mkati, momwe mumakhala mazira. Anati njirayi ikadali yatsopano, ena imawadzutsira mazira otsalawo, ena ayi, ndipo ikagwira imagwira miyezi yochepa chabe. Kenako anafunsa, "Amuna anu anayezetsa?" Ine ndinaseka. Kwathu mwamuna kuyezetsa? Mwana akasowa m'nyumba, amene amamwa mizu ndi mkazi.

Sabata yomweyo ndinakwera basi. Ku Kandeu ndinapeza malata atsopano padenga, anthu n'kumandilonjera mwaulemu wopitirira, maso ali pansi. Anandimasulira ndi Esinati, mchemwali wa a Fanuel, tili awiri kumjigo.

"Alamu, ndiye kuti sanakuuzeni?"

Akuti nditangochoka kupita ku Joni, apongozi anapezera mwana wawo mtsikana wa ku Kasinje. Anakhala m'nyumba mwanga zaka ziwiri, mimba osaoneka. Atatopa anakakwatiwa ku Sharpevale, ndipo mvula isanagwe anali ndi pakati. Esinati anati, "Mudzi wonse ukudziwa. Koma ndani angamuuze mwamuna zoterozo?"

Kunena zoona, za mtsikanayo zinandiwawa, koma osati kwambiri. Chinandipsetsa mtima ndi chaka chathunthu chimene onse ankadziwa, mazira anga akutha mwezi ndi mwezi, iwo ali kalikiliki kundiuza za feteleza. Ine vuto ndinali nalo, sindikana. Koma ndinapita nalo kutali ndekha, pamene theka lake linatsala kuno likudya bwino.

Ndinawapeza kumunda, a Fanuel akupopera mbatatesi, apongozi atakhala pamzere. Sindinagwade.

"Abambo, mawa tikupita ku Lilongwe. Mukayezetse."

Apongozi anadzuka. "Iii, mwana wanga akachite manyazi pamaso pa anamwino?"

"Amayi, manyazi ndachita ine zaka zisanu ndi zinayi, ndinawasenza mpaka ku Joni. Magazi anga anandibaya nawo kale, ndipo sadikira munthu."

A Fanuel anatula pampu pansi, n'kupukuta manja pabuluku nthawi yaitali. Sanayang'ane ine, sanayang'anenso amayi awo.

"Minibasi yoyamba imanyamuka nthawi yanji?" anafunsa a Fanuel.