Kilankishafuti ya ku Bulawayo

Ndinaganiza zopita ku Bulawayo tsiku limene mvula inadonthera pamphasa yathu, ine ndi mkazi wanga Abiti Jafali. Ndinali mkamwini kwawo kwa Kalembo. Ndinaloza denga laudzu n'kulonjeza kuti ndikabwera ndi malata. Iye anangoti, "Zaka ziwiri, osapitirira." Ndinakhalako zisanu ndi chimodzi.

Ntchito ndinaipeza kunyumba yosindikiza nyuzipepala. Ndinayamba ndi kusesa, n'kumaliza ndili patebulo lofufuza zolakwika nkhani zisanasindikizidwe. Kumeneko ndinaphunzira kuti nkhani imanena ndani, chiyani, kuti ndi liti. Ndilemba motero, ngakhale chitsiru cha m'nkhaniyi ndine.

Tinkagona amuna anayi m'chipinda chimodzi kulokeshoni, aliyense ndi sutikesi yake yokhoma. Tsiku lovuta linali Lamlungu, chifukwa kunalibe ntchito yobisalamo. Makalata a Abiti Jafali ankalemba ndi mphunzitsi wina wapamudzi. Ankanena za thonje, za maliro, za mbuzi, ndipo ankathera pa mawu amodzi: "Denga likudonthabe." Zaka ziwiri zoyamba ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Kenako ndinagula sikuta, njinga yamoto ya magudumu aang'ono.

Inali yakale, ya ku Italy, yotuwa. Inandipatsa kopita Lamlungu: kuseri kwa galaja ina kumene amuna akwathu ankasonkhana ndi masikuta awo. Ndikawakumbukira lero ndimanyansidwa. Amuna andevu, ana awo kumudzi akuyenda opanda malaya, iwo akukangana mpaka thovu kukamwa kuti pisitoni ya ndani ndi yaikulu. Wina ankapukuta galasi ndi mpango umene anagulira mkazi wake. Ndinkawaseka, koma ndinkafika woyamba.

Makaniko wathu anali Che Amidu a ku Nsanama, bambo wosalankhulalankhula. Injini yanga itayamba kugogoda, anaimasula n'kundiyalira makilankishafuti awiri pachiguduli. Kilankishafuti ndi chitsulo chimene chimasandutsa kukwera ndi kutsika kwa pisitoni kukhala kuzungulira kwa gudumu. Ina inali yolemera, yofanana ndi imene sikutayo inabadwa nayo. Ina inali yopepuka, yosalala, ya mpikisano.

"Achimwene, sikutayi idzafera kuno kapena idzapita kumudzi?" anandifunsa.

"Kumudzi."

"Tengani yolemerayi. Imakoka pang'onopang'ono ngati ng'ombe. Inayi imafuna tala, ndipo imafuna muziithamangitsa nthawi zonse. Mukaiyendetsa pamchenga imapsa."

"Nanga liwiro?"

"Mukuthamangira kuti kwa Kalembo? Kuli nkhuku zokhazokha m'njira."

Anzanga anaseka, ndipo ine ndinasankha yopepuka. Sindinalekere pomwepo. Ndinakulitsa silinda, ndinaika kabuleta yaikulu, ndinachotsa sefa ya mpweya kuti injini izipuma momasuka. Ndinachepetsanso zipsepse za fani yoziziritsa injini kuti izizungulira msanga. Pa chilichonse Che Amidu ankati iyayi, kenako n'kumanga monga ndanenera. Ndalama za malata zinathera pamenepo. Pamsewu watala wa ku Bulawayo palibe amene ankandipeza.

Chaka chachisanu ndi chimodzi kunabwera kalata ina, yochokera kwa Che Bwanali, amalume a mkazi wanga, amenenso anali nkhoswe yathu. Inali ya mizere itatu. Ankhoswe adzakhala pansi Lachisanu loyamba ikatha Idi, anthu akachoka ku mzikiti. Ndikadzakhalapo, tidzakambirana. Ndikadzasowa, ukwati watha ndipo mwana wawo ndi womasuka.

Ndinanyamuka nthawi ilipo. Sikuta inakwera nane sitima. Ndinameta tsitsi ndisanafike pamalire, ndinagula khadi lachipani anyamata a chipanicho asanandifunse kawiri, ndipo Lachinayi madzulo ndinatsika pa Balaka. M'mawa mwake basi yopita cha kwathu inalipo, yaima, injini ikulira. Ndinaiyang'ana monyoza. Munthu wochokera ku Bulawayo sangafike atapanikizana ndi madengu a usipa.

Ndinadzera njira yafumbi yachidule. Mvula inali isanayambe. Magudumu a sikuta ndi aang'ono, ndipo pamchenga amamira. Ndinayenda pa giya yoyamba injini ikukuwa, fani yoduladula ija ikulephera kuiziziritsa, kabuleta yopanda sefa ikumeza fumbi. Pasanathe ola limodzi kunamveka kulira ngati mpeni pamwala, gudumu lakumbuyo n'kuuma. Ndinaponda kiki yolizira injini, osasuntha. Kilankishafuti inali itagwira.

Dzuwa lisanafike pamutu kunatulukira lole yodzaza mabelo a thonje. Dalaivala anaima.

"Bambo, kutsogolo kuno malo a munthu mmodzi alipo. A chinthu chanucho palibe."

"Sindingaisiye panjira."

"Bisani m'tchire, mudzaitenga mawa. Angabe ndani chinthu chosayenda?"

Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndinathira m'injini imeneyo, n'kumuuza kuti apite. Pa zonse zimene ndalemba pano, apa ndi pamene sindingamunamizire Che Amidu, mchenga kapena boma. Ndinakankha sikuta ija tsiku lonse.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Pakhonde panali mphasa zopindapinda, anthu atabalalika kale. Ana ndi akulu omwe anathamangira sikuta, osati ine. Ankagwira galasi, kuliza belu, kufunsa ngati imafika ku Zomba tsiku limodzi. Omwewo amene masana anavomereza kuti ndine munthu wosayenera. Ndinawanyoza mumtima, monga ndinkachitira zaka zonse ndili kutali, kuti ndi anthu a dziko lochedwa, osadziwa kusiyanitsa pisitoni ndi chitini.

Che Bwanali anandipatsa mpando ndi madzi akumwa.

"Mwayenda bwanji, bambo?" Sanati akamwini.

"Injini inandivuta panjira."

"Pepani. Tinadikira mpaka mthunzi wa mtengo uwo unafika pankhokwe. Mlandu tinautseka."

Ndipamene ndinakweza maso. Nyumba inali yamalata. Abiti Jafali anatuluka, nandipatsa moni atagwada monga amachitira kwa mlendo aliyense.

"Malatawa anagula ndani?" ndinafunsa.

"Thonje. Ichi n'chaka chachitatu. Misomali inaperewera, n'chifukwa chake mukuona miyala pamwambapo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinasiya kulemba kuti likudontha. Ndinkayesa muona."

Makalatawo ndili nawo mpaka lero, ndipo ndinawayala motsatana n'kuwawerenganso. Ananena zoona. Mzerewo unasowa chaka chachinayi. Ine amene ndinkalipidwa kuti ndizipeza kadontho kosowa m'nkhani za anthu ena, sindinaone chiganizo chathunthu chitachoka m'kalata ya mkazi wanga.

Mkamwini akachotsedwa amatenga zimene angathe kunyamula. Ndinatenga sutikesi, sikuta ndinaisiya. Ndikukhala pa Balaka tsopano, ndimalembera anthu makalata opita kwa amuna awo akunja, ndipo ndimawalangiza kuti chimene akufuna achiike pamzere woyamba.

Chaka chatha ndinadutsa kwa Kalembo pa basi. Magudumu a sikuta ali pawilibala ya Che Bwanali. Mpando wa sikutayo uli pakhonde, pamene mwamuna watsopano wa Abiti Jafali, wogulitsa nsomba panjinga yakapalasa, amakhalapo. Kilankishafuti ili padenga, pakati pa miyala, yatsindika malata. Ndinatsika n'kufunsa ngati ikuthandiza. Abiti Jafali anaiyang'ana kaye.

"Ikuyesetsa," anatero. "Kungoti ndi yopepuka."